Shamsa Asankha Choko

1. Pakhonde la amalume

Chaka chimene boma latsopano linalengeza kuti sukulu ya pulayimale ikhala yaulere, Shamsa anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Anali ndi setifiketi ya Fomu 4 m'chikwama ndiponso pogona kwa amalume ake pa boma la Nkhotakota. Zina zonse analibe.

Mayi ake anamwalira iye ali Sitandade 6. Bambo ake anapita ku Joni kukafuna ntchito, ndipo Joniyo inawameza osalavula ngakhale kalata imodzi.

Amalumewo, a Fakiri, anali telala. Anakhala pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika zaka makumi atatu, mpaka simenti inakumbika pamene ankaponda makina. Kwa makasitomala anali munthu wa mawu ochepa. Mawu onse ankasungira ana a m'nyumba mwawo.

Chaka chimenecho ntchito inawachulukira. Zipani zinabwera ndi nsalu zake, ndipo aliyense ankafuna malaya a chipani chake. A Fakiri ankasoka zonse osafunsa. Ankangosamala kuti nsalu ya chipani china isagone pamwamba pa ya chinzake, kuopa kuti eni ake angayambane pakhonde.

Ntchito ya Shamsa inali kusita ndi kusokerera mabatani. Ankakhala pampando waufupi kumapeto kwa khonde, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Anzake a kusukulu onse anali atabalalika. Eva, amene ankakhala naye desiki imodzi, anapita ku Lilongwe kukaphunzira kutaipa, ndipo analemba kalata ziwiri zokha n'kusiya. Ena anakwatiwa ku Dwangwa. Shamsa ankatha tsiku lonse osalankhula ndi munthu wa msinkhu wake, ndipo zinkamupweteka.

Tsiku lina Lachiwiri zinthu ziwiri zinafika pakhondepo. Choyamba chinali makina ena osokera, akale koma amphamvu, amene a Fakiri anagula kwa telala wina wokalamba. Chachiwiri chinali kalata ya Shamsa yochokera ku ofesi ya maphunziro.

Ana anali atasefukira m'masukulu, aphunzitsi n'kuchepa. Boma linayamba kulemba aliyense amene anali ndi setifiketi, ngakhale sanapite ku koleji ya uphunzitsi. Shamsa anali atakalembetsa mwakachetechete. Tsopano kalatayo inkati watengedwa ngati mphunzitsi wongogwirizira, ndipo akafike Lolemba pa sukulu yatsopano ya Kamphasa, kuseri kwa Liwaladzi.

2. Chenjezo la a Fakiri

Atabwerera kunyumba, a Fakiri anamuuza kuti awawerengere kalatayo kawiri. Kenaka anavula magalasi n'kumuuza kuti akhale pamphasa.

"Mwana wa mlongo wanga," anayamba motero, "ine sindinapite kusukulu, koma pakhonde paja ndaona zambiri kuposa zimene iwe waona m'mabuku. Ndasokerapo akuluakulu amene akatsokomola, boma lonse lino linkanjenjemera. Lero ali kuti? Amabwera mozemba kudzapempha kuti ndiwatembenuzire kolala ya malaya, chifukwa atsopano sangagule.

"Boma limasintha. Taona ndi maso athu chaka chino. Koma chipani chigwe, chipani chidzuke, munthu sayenda wamaliseche. Mwana akabadwa amafuna kamalaya, mkwatibwi amafuna diresi, wopita kumzikiti amafuna mkanjo. Amene ali ndi singano m'manja sagona ndi njala.

"Kalata yakoyi ikuti chiyani? Ikuti wongogwirizira. Wogwirizira ndi munthu wosungira mnzake mpando. Akadzatuluka a ku koleji ndi mapepala awo, adzakuuza kuti zikomo, pita kwanu. Ndipo kwanuko udzapeza makina ali ndi mwini wake. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo.

"Kumene akukutumizako kulibe m'bale wako. Ukadwala malungo, adzakutungira madzi ndani? Ndiwe mtsikana wosakwatiwa. Ukaseka ndi mwamuna adzanena, ukapanda kuseka adzanenanso kuti ndiwe wonyada.

"Makina aja ndagulira iwe. Zaka ziwiri ukhala ukudziwa kudula nsalu, ndipo ine ndikadzafooka maso, khonde lonse lidzakhala lako. Koma makina sadikira munthu, amachita dzimbiri. Lolemba m'mawa ukhalepo. Ukapanda kukhalapo, akhalapo Faizal, mwana wa mlamu wanga, amene wakhala akundipempha chaka chonse. Zonse ziwiri sungatenge. Mapanga awiri avumbwitsa."

Shamsa anamvetsera atazolika. Panalibe bodza m'mawu a amalume ake, ndipo chimenecho ndicho chinamuvuta.

"Ndamva, amalume," anatero. "Koma ndiloleni ndikangoona malowo. Ndikaona ndidzabwera."

A Fakiri anavomera msanga. Ankadziwa mmene midzi ya uko inalili, ndipo anali ndi chikhulupiriro kuti malowo amugwirira ntchito yomubweza mwanayo kuposa mawu awo.

3. Sukulu yopanda khoma

Lachinayi m'mawa Shamsa anakwera matola yopita ku Dwangwa n'kutsika pa Liwaladzi. Kuchokera pamsewu anayenda ola limodzi ndi theka m'kanjira ka mchenga kodutsa m'minda ya chinangwa. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo mchengawo unkawotcha kudutsa nsapato.

Sukulu anayamba kuimva asanaione. Linali phokoso la ana ambirimbiri, ngati msika wa tsiku la malipiro.

Atafika anaima n'kuyang'ana uku ndi uku kufuna makalasi. Panali mitengo ya mango itatu, chisakasa chimodzi cha udzu, ndi limu ya galimoto yopachikidwa panthambi m'malo mwa belu. Sukulu ya Kamphasa inali yomweyo.

Pansi pa mtengo waukulu panali tebulo, ndipo pambali pake panaima bambo wa imvi, malaya atanyowa ndi thukuta. Amenewa anali a Timoteyo, mphunzitsi wamkulu. Anali atapuma kale ntchito, koma boma linawaitananso. Anawerenga kalata ya Shamsa n'kupuma mozama ngati munthu amene watula mtolo.

"Mwafika bwino, mayi," anatero.

"Ndangobwera kudzaona, bambo. Sindinaganize kaye."

"Onani muli chikhalire. Manja anga ndi awiri okha. Ine ndiziyesa ana, inu muzilemba mayina m'kaundulamu."

Ana a kumeneko analibe mapepala osonyeza tsiku lobadwa. Ukafunsa mayi, ankati mwanayo anabadwa chaka cha madzi osefukira, kapena chaka chimene usipa unachuluka. Choncho a Timoteyo ankagwiritsa ntchito njira imene nawonso anayesedwa nayo ali mwana. Mwana ankadutsitsa dzanja lamanja pamwamba pa mutu kuti agwire khutu lakumanzere. Akaligwira, ndiye kuti wakula, alembedwe. Akalephera, abwerere kwa mayi ake adzayesenso chaka chamawa.

Tiana tina tinkapendeketsa mutu mwachinyengo kuti khutu likumane ndi chala, a Timoteyo n'kutiwongola khosi. Kumbuyo kwa mzere kunali anyamata a ndevu zoyamba kumera, osiya bwato padooko, amene sanafunikire n'kuyesedwa komwe. Onsewo ankalowa Sitandade 1.

Shamsa analemba tsamba limodzi, lachiwiri, lachitatu. Kenaka anaona chinthu. Pa mayina khumi alionse, a atsikana sankapitirira awiri.

Anakweza maso. Kumalire kwa munda wa chinangwa kunaima gulu la amayi ovala mipango kumutu. Aliyense anali atagwira mtsikana padzanja. Sankayandikira, komanso sankachoka.

"Amenewo akudikira chiyani?" anafunsa.

"Lero ndi tsiku lachinayi akuima pomwepo," anayankha a Timoteyo. "Ndi achisilamu anzanu. Makolo awo anawauza za masiku akale, pamene mwana ankalowa sukulu ya mishoni ndi dzina lina n'kutulukamo ndi lina, kumzikiti osapitanso. Anyamata awalola, akuti mwamuna amadziteteza yekha. Atsikana ndiye ayi. Ndawauza kuti ino ndi sukulu ya boma, koma akangomva kuti ndine Timoteyo, amabwerera m'mbuyo. Sindiwada. Munthu amene analumidwapo ndi njoka amaopa ndi luzi lomwe."

4. Amana

Dzuwa lili paliwombo, mayi wina anatuluka m'gulu lija. Anali wamtali, wowonda, ndipo ankakoka mtsikana wa zaka ngati khumi ndi ziwiri. Sanapite kwa a Timoteyo. Analunjika patebulo n'kuyang'anitsitsa mpango umene Shamsa anafunda kumutu.

"Salamu aleikumu."

"Waaleikumu salamu, mayi."

"Ine ndine Zuhura, uyu ndi mwana wanga Ummy. Inu ndinu mwana wa yani?"

"Kwathu ndi ku boma. A Fakiri atelala ndi amalume anga."

"A Fakiri ndikuwadziwa, anasoka diresi la ukwati wanga. Sukulu munamaliza?"

"Ndinamaliza."

"Dzina sanakusintheni?"

"Ayi. Ndinalowa ndili Shamsa, ndinatuluka ndili Shamsa."

"Kuswali mumaswali?"

"Ndimaswali, mayi."

Amayi ena aja anali atasendera pafupi mwakachetechete, ndipo tsopano anazungulira tebulo. Mayi Zuhura anafunsa funso lomaliza.

"Ndiye muzikhala pano?"

Shamsa anayang'ana a Timoteyo. A Timoteyo anayang'ana mango osapsa m'mwamba. Maso a amayi onse anali pa iye, ndipo kukana munthu wamkulu pagulu si chinthu chimene anaphunzitsidwa kwawo.

"Inde, mayi," anatero.

Anaganiza kuti nkhani yathera pomwepo, ngati mawu aulemu amene anthu amapatsana panjira. Koma mayi Zuhura anatenga dzanja la Ummy n'kuliika m'dzanja la Shamsa, iwo n'kuphimba manja awiriwo ndi awo.

"Iyi ndi amana," anatero mokweza kuti onse amve. "Ndakusungitsani mwanayu pamaso pa Mulungu. Ine sindinaone m'kati mwa sukulu. Mwamuna wanga akalemba kalata, amandiwerengera ndi anthu, ndipo chinsinsi changa chimafika kuchitsime ine ndisanafikeko. Kuchipatala amandipaka inki pachala ngati wakuba. Uyu asadzakhale ngati ine. Koma mundimvetse bwino. Ndamusiya chifukwa pali inu. Tsiku limene mudzachoke pano, ndidzabwera kudzamutenga."

Shamsa anaphunzira kalekale kumadarasa kuti amana ndi chinthu chimene munthu wakusungitsa, ndipo udzafunsidwa za icho tsiku lomaliza. Ngati sungathe kusunga, umakana pomwepo. Akanatha kubweza dzanja lake. Koma dzanja la Ummy linali lozizira ndi mantha, ndipo linamugwira mwamphamvu. Shamsa analifumbata.

"Gwira khutu," anamuuza motsitsa.

Ummy anadutsitsa dzanja pamwamba pa mpango wake n'kugwira khutu mosavuta, mpaka zala zinafika kutsaya. Amayi onse anaseka, ndipo kuseka kumeneko kunatsegula njira. Anayamba kukankhana, aliyense ndi mwana wake. Pamene Shamsa ankatseka kaundula, anali atalemba atsikana makumi atatu ndi asanu ndi awiri.

A Timoteyo anamuperekeza mpaka pamene minda ya chinangwa inkayambira.

"Mayi Shamsa, kaya mwachita bwino kaya mwalakwa, ine sindikudziwa," anatero. "Koma ndikuuzeni zoona, mungadzati ndinakubisirani. Nyumba ya mphunzitsi kuno kulibe. Kuli kachipinda kosungiramo makasu kuseri kwa nyumba imene ndikukhala. Malipiro amatha kuchedwa miyezi. Mabuku alipo khumi ndi awiri, ana apitirira mazana anayi. Mvula ikayamba, denga lathu ndi masamba a mango.

"Sabata yatha anatitumizira mnyamata wina, Raston. Anagona masiku awiri n'kubwerera kwawo kukapalasa bwato. Sindimunena, anali ndi nzeru zake. Iye sanalonjeze munthu. Koma inu mwalonjeza. Amayi aja mukawanamiza kamodzi kokha, sadzatulukanso m'chinangwa muja zaka khumi, ngakhale patabwera mngelo kudzaphunzitsa. Pitani mukaganize bwino. Mukaona kuti simungathe, bwerani mudzawauze nokha ndi pakamwa panu."

5. Yankho

Lachisanu, a Fakiri atabwerako kumzikiti, Shamsa anawafotokozera zonse. Anayamba ndi mitengo ya mango, kachipinda ka makasu ndi mabuku khumi ndi awiri. A Fakiri ankagwedeza mutu mokondwa, ngati mlimi amene akuona mvula imene ananeneratu.

Kenaka anawauza za mayi Zuhura.

Nkhope ya a Fakiri inasintha. "Ananena mawu amenewo? Anati amana?"

"Inde, amalume."

"Ndipo iwe unalandira?"

"Ndinalandira."

"Anthu analipo?"

"Analipo ambiri."

Pamene a Fakiri anayambanso kulankhula, mawu awo sanali okweza ngati tsiku lija.

"Unapita kukaona ndi maso, iwe n'kukagwira ndi manja. Ndiwo uchitsiru wa ana. Mumayesa mawu ndi mphepo.

"Tsopano mvera ichi, chimene sindinakuuzepo. Mayi ako ali pafupi kutisiya, anandiitana kuchipatala. Iwe unali utagona pabenchi. Anatenga dzanja lako uli m'tulo n'kuliika m'dzanja langali, nanena mawu omwewo. Zaka zonsezi ndakhala ndikusenza amana imeneyo. Ndinakulipirira sukulu pamene anzanga ankandiseka kuti ndikutaya ndalama pa mtsikana. Makina aja ndinagula kuti tsiku limene ndidzakumane ndi mlongo wanga ndidzamuuze kuti mwana wako ndinamusiya ali ndi chogwira. Lero ukundiuza kuti ndikamuuze chiyani? Kuti ndinamusiya pansi pa mtengo?"

Shamsa analira.

"Sindingakuuze kuti utaye amana, ndingachimwe," anapitiriza a Fakiri. "Koma ikhoza kubwezedwa kwa mwini wake. Pita mawa ukawapepese mayiwo, uwabwezere mwana wawo m'manja. Udzachita manyazi tsiku limodzi, kenaka udzakhala pamtendere moyo wako wonse. Kapena pita Lolemba ndi katundu wako. Ine mawu anga sasintha."

Shamsa anapukuta misozi ndi nsonga ya mpango.

"Amalume, munandisunga bwino. Mukanapanda kundilipirira sukulu, bwenzi nanenso ndikuima kumalire kwa munda. Ndikabweza Ummy, abwerera onse makumi atatu ndi asanu ndi awiri. Ndipita Lolemba."

"Wasankha," anatero a Fakiri. Anavala magalasi awo n'kutuluka.

Loweruka ndi Lamulungu m'nyumbamo munali zii. Palibe anamukalipira, palibenso anamufunsa kanthu. A Habiba, akazi awo a amalume, anamuikira pakhomo la chipinda mphasa, ndowa ndi kathumba ka mpunga, osanena mawu. Shamsa akanakonda kukalipiridwa.

6. Lolemba

Anadzuka m'mamawa, naswali, namanga katundu wake m'chitenje. Kwathu kuno ngakhale mlendo wa tsiku limodzi amaperekezedwa mpaka panjira. Shamsa anatuluka yekha.

Njira ya kokwerera matola inkadutsa pamsika. A Fakiri anali atafika kale pakhonde. Pa makina ogulidwa kumene aja panali patakhala Faizal, lilime lili panja, akulimbana ndi ulusi kuti ulowe pasingano.

Shamsa anatula ndowa n'kugwada.

"Ndapita, amalume."

"Pita bwino," anayankha a Fakiri, maso ali pansalu imene ankadula.

Shamsa anadzuka n'kunyamula ndowa yake. Pa matola anakhala pakona, nkhope atalozetsa kumphepo, kuti anthu aziyesa kuti ndi fumbi limene likumutulutsa misozi.

Anafika pa Kamphasa dzuwa litakwera. Ana anali mbwee pansi pa mitengo, ena akumenyana, ena akugenda mango. Atsikana a mipango anali atakhala paokha mwaudongo, ndipo Ummy atamuona anaimirira. Amayi angapo amene anabwera kudzatsimikiza anagwedezerana mitu n'kuyamba kubwerera kuminda.

A Timoteyo sanali patebulo. Shamsa anawapeza kuseri kwa chisakasa akumangirira chikwama panjinga.

"Mwabweradi," anatero. Anaoneka okondwa komanso amanyazi. "Ndinkapemphera kuti mubwere, ndinkapempheranso kuti musabwere. Loweruka kwafika uthenga wochokera ku ofesi. Ku Kanyenda ana asonkhana mazana asanu ndi awiri popanda wowalemba. Akuti ndipite ndikatsegule kumeneko."

"Mubwera liti?"

"Sananene."

"Nanga pano atsala ndani?"

A Timoteyo anangomupatsa kaundula, katoni ya mabuku, ndi kabokosi ka choko kotsala theka.

"Lachitatu kubwera woyendera masukulu," anatero. "Akapeza ana akuphunzira, sukulu ino ikhala. Akapeza chipwirikiti, awauza kuti azipita ku Liwaladzi, ndipo mukudziwa nokha kuti atsikana anu aja sadzaloledwa kuyenda mtunda umenewo. Musawamenye, koma asaonenso kuti mukuopa. Mulungu wanu ndi wanga akuthandizeni."

Anakwera njinga n'kulowa m'kanjira ka m'chinangwa. Matayala ankatitimira mumchenga, ndipo patapita kanthawi anatsika n'kuyamba kukankha. Shamsa anawayang'ana mpaka mutu wa imvi unabisika m'masamba.

Sanakhalepo yekha chotero chibadwire, ngakhale anali pakati pa khamu.

Anaika mabuku patebulo. Anatola chitsulo chimene chinali pansi pa mtengo n'kumenya limu ija kamodzi. Sinamveke bwino, choncho anamenyanso mwamphamvu.

Phokoso linatha. Ana mazana anayi anatembenuka n'kumuyang'ana, kudikira kuti aphunzitsi anene chochita. Shamsa anali asanaphunzitsepo munthu ngakhale tsiku limodzi, ndipo Lachitatu linali mkuja.